Supuni ya Bronia

Chimene mayi Leokadia anayamba kudabwa nacho n'chakuti yankho linachokera m'mwamba.

Iwo ndi mlamu wawo Bronia, mlongo wa malemu amuna awo, anali atatha zaka zisanu ndi zinayi osalankhulana. Anayambana pa nkhani ya manda, kuti adzagone pafupi ndi malemuwo ndani. Bronia ankakhala m'nyumba yapansi pa yawo, mumdadada wansanjika womwewo mumzinda wa Radom, ndipo akakumana pamasitepe aliyense ankayang'ana khoma. Koma chidani ndi chidani, pangano ndi pangano. Ikakwana sikisi koloko madzulo, mayi Leokadia ankagogoda katatu ndi supuni pachitsulo chotenthetsa nyumba, chija chogona pansi pa windo. Kulirako kunkatsika ndi paipi ya madzi otentha, Bronia n'kubweza katatu. Ndiye kuti tonse tikadali moyo. Wina akangokhala chete, mnzake atenge kiyi akaone. Kiyi wa mnzake aliyense anali naye.

Lolemba mkamwini wawo Remek anabwera ndi mapulambala awiri.

"Zitsulo zogonazi zikudya malo, amayi. Tiika zoimirira. Apa padzakhala bedi la mdzukulu wanu."

"Chimenechi chaumitsa masokosi a apongozi ako zaka makumi anayi."

"Ndiye chatopa. Chikapume."

Anamuleka. Mwana wawo anali ndi pakati, ndipo kukangana ndi mkamwini pa nthawi yotero n'kudzisungira mlandu.

Chatsopanocho chinali chakuda, chopyapyala, chotalika kuposa munthu, chitaima pafupi ndi chitseko ngati mlendo wokana mpando. Kumeneko, mwezi wa Disembala mdima umagwa isanakwane folo koloko. Itakwana sikisi, mayi Leokadia anaima patsogolo pake mumdimamo n'kugogoda katatu. Panapita nthawi. Kenaka anamva *go, go, go*, osati cha kumapazi monga mwa masiku onse, koma pamwamba, pamene pakanakhala mutu. Anabwezera supuni m'kapu, nakakhala.

Lachiwiri si iwo amene anayamba kugogoda. Kunja chipale chofewa chinali chitakwirira phokoso lonse la mumsewu, moti m'nyumbamo munkangomveka wotchi ndi madzi oyenda m'chitsulo ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Kugogoda kunayamba isanakwane sikisi, kofulumira, kosawerengeka, kuleka, kuyambanso.

"Bronia walusa chifukwa cha phokoso la dzulo," anatero okha. "Ulira mpaka utopa, nkhalamba iwe."

Anabweza katatu, osawonjezera.

Lachitatu kunamveka kamodzi. Patapita nthawi yoti munthu n'kusenda mbatata ziwiri, kamodzinso, kofooka, ngati chikhadabo pambale. Mayi Leokadia anayang'ana msomali umene pankakhala kiyi wa Bronia. Anayang'ananso mawondo awo otupa, anaganiza za masitepe, anaganizanso za nkhope ya Bronia atawatsekulira chitseko n'kufunsa kuti mwasowa chiyani. Yankho ndi yankho, anadziuza choncho, ngakhale lichepe.

Lachinayi linabwera bwino lomwe: katatu, kolongosoka, nthawi yake yeniyeni. Mtima wawo unakhala pansi.

Remek anabwera Lachisanu masana kudzaona ntchito.

"Chitsulo chakochi chimalankhula ndi kumutu," anamuuza. "Bronia akagogoda, chimamvekera m'mwamba."

Remek anaseka. "Ndi mpweya umenewo, amayi. Zitsulo zazitali mpweya umatsakamira pamwamba. Azakhali Bronia sangamveke muno."

"Chifukwa?"

"Paipi yakale ija tinaidula Lolemba, tinaitseka pansi pa simenti. Ichi chikumwa madzi ndi paipi ya pulasitiki yochokera panja. Mukhoza kuchimenya ndi hamala, pansipa sangamve kanthu."

Mayi Leokadia anachotsa kiyi pamsomali.

"Ndigwire mkono," anatero chapansipansi.

Anamupeza Bronia m'chipinda chake chochezera, atagona chammbali pafupi ndi paipi. Anali atavala jasi, nsapato imodzi kuphazi, inayo ili kukhomo kumene anagwera. Kuchokera kumeneko anachita kukwawa. M'dzanja munali supuni, ndipo penti ya paipi inali itachoka malo aakulu ngati chikhatho. Atamuvula jasi, m'thumba munagwa kiyi wa nyumba ya mayi Leokadia.

Palibe amene anafunika kufotokoza. Lolemba Bronia sanamve kugogoda, ndiye anavala kuti akwere.

Dokotala anati fupa la m'chiuno linathyoka, ndipo mzimu unachoka Lachitatu.

"Lachinayi," anatero mayi Leokadia.

"Lachitatu, mayi. Thupi silinama."

Anthu a mumdadadamo analankhula zambiri. Ena ankati anamva kugogoda koma ankayesa mapulambala, ena ankati kulira kwa chitsulo kumayenda ndi khoma. Remek anabwera ndi kakiyi kotsekulira chitsulo chatsopano chija, anatulutsamo mpweya wonse mpaka madzi anatuluka, osayang'ana apongozi ake kumaso. Mayi Leokadia sanalire, ngakhale pamaliro. Anangouza wansembe kuti malo aja oyandikana ndi amuna awo aikepo Bronia.

Atabwerako kumanda anatseka madzi a chitsulo chija, n'kukhala pampando ndi jasi lawo. Kuzizira kunalowa pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi. Anadzuka kamodzi kukachikhudza: chinali zii ngati mwala wa pamanda. Madzi sankayenda, mpweya munalibe, paipi inali yodulidwa.

Wotchi inagunda sikisi.

*Go. Go. Go.*

Pamwamba, pamene pakanakhala mutu.

Mayi Leokadia anakhala kaye, manja ali pamiyendo. Kenaka anatenga supuni m'kapu, anayenda mpaka pachitseko, n'kubweza katatu.

"Ndikadalipo, alamu," anatero. "Musavutike kukwera."