Mankhwala Sathokoza

Izi sindinachite kumva ayi, zinandichitikira ine Antonieta. Wokayika akafunse alamu anga a Silasi ku Cobue, akadali moyo.

Munali mu 1987. Anthu a mfuti atatentha mudzi wathu kumtunda, tinathawira kunyanja, komwe a Silasi ankadikira ndi bwato lopita ku Likoma. Ine, mwana kumsana, ndinaponda mwala woterera n'kubinya kakolo. Anzanga sanacheuke, ndipo sindiwada. Phazi linatupa ngati dzungu. Ndinakhala m'munda wa chinangwa n'kumalira, podziwa kuti bwato silidikira munthu mmodzi.

Dzuwa linali paliwombo. Mwadzidzidzi nyenje zonse zinangoti zii. Mwana analeka kulira. Kenaka fungo la nsatsi zokazinga.

Mayi Somoe a kumudzi kwa a Silasi, amene ankatisisita tonse tikabinya, anali atagwada kumapazi kwanga, kachigubu kawo ka mafuta m'manja. Sindinamve tsamba ndi limodzi lomwe likuthyoka.

“Tambasula mwendo, mwanawe.”

Anapaka mafuta akuda osakaniza ndi masamba osinja. Mafutawo anali otentha. Zala zawo zinali zozizira. Anakoka phazi kamodzi, thee!

“Obriga...”

Ndisanamalize zikomo wanga wa Chipwitikiziyo, ananditseka pakamwa. Dzanja linkanunkha dothi lonyowa.

“Mankhwala sathokoza, amasuluka. Nyamuka, usacheuke.”

Ndinathamanga mpaka kunyanja osamva kuwawa. Ndinapeza akukankha kale bwato.

Tili pakati pa madzi, a Silasi ananunkhiza n'kuyang'ana phazi langa lonyezimira.

“Mlamu, wakupakani ndani?”

“Mayi Somoe.”

Nkhafi inaima.

“Tinawaika Lachiwiri,” ananong'ona. “Manda ndinakumba nawo ine. Chigubu chinapita nawo pansi.”

Zaka zisanu ndi chimodzi ku Likoma ndinasenza nkhuni ndi madzi, mwendo osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Koma zikomo uja ankandilemera pamtima. Munthu wakupulumutsira mwana, iwe n'kungokhala duu?

Nkhondo itatha tinabwerera. A Silasi anandilozera manda, nandichenjeza kuti ndisatsegule pakamwa. Ine mutu ndi wouma chibadwire. Ndinalambula udzu, ndinagwada, ndinanena mokweza: “Zikomo, amayi. Mwana uja wakula.”

Fungo la nsatsi linadutsa, kopanda mphepo. Poimirira, kakolo anali atatupa, malo omwe aja.

Mpaka lero ndimatsimphina. A Silasi amandiseka kuti ndinagula chilema ndi mawu amodzi. Asekeni. Mankhwalawo anandifikitsa kumene ndinkapita, ndipo mayi Somoe anamva.