Tepi pa Nyali ya Kumanja

Pa 7:20 m'mawa, mtembo wa makaniko wamkulu unapezeka chafufumimba m'galaja, pambali pa galimoto yakalekale yomwe ankaidzutsa. Pankhongo panali bala la sipanala.

Wofufuza milandu, mayi yemwe anali atagwira ntchitoyi zaka makumi awiri, anangofika n'kupsa mtima. Apolisi anzake anali atapondaponda paliponse, n'kutsekera mwini galimotoyo, mphunzitsi wopuma, chifukwa choti dzulo lake anamveka akukalipa.

"Kukalipa ndinakalipadi," anatero mphunzitsiyo pomufunsa. "Sabata yathunthu pa mawaya a nyali za pakingi basi! Koma kupha? Ine nkhuku yomwe amandiphera ndi akazi anga."

Cha m'ma 10 koloko, wofufuzayo anacheza ndi mkazi wa malemu.

"Amuna anga anali ovuta," anatero mayiyo. "Waya aliyense wodutsa pabowo la chitsulo ankamuveka kapaipi ka labala kuti asadyeke. Tepi ankati ndi ya alesi. Mlamu wanga, mng'ono wawo, ankamva zimenezi tsiku ndi tsiku."

Mng'onoyo, yemwe ankagwira naye ntchito, anali atalumbira kuti dzulo anaweruka masana osakhudza galimotoyo.

Wofufuza anabwerera kugalaja, nagwada, mawondo akudandaula. Nyali ya kumanzere inali ndi kapaipi. Ya kumanja inali yokulungidwa tepi yatsopano, ndipo kapaipi kake kanali pansi, pamwamba pa magazi ouma. Anatsonya. Anthu asanu anaima pomwepa m'mawa wonse, palibe anawerama!

Pa 2 koloko anamubweretsa mng'onoyo m'galajamo.

"Bambo, kapaipi aka kanagwa magazi atatuluka kale. Akufa sakonza magetsi. Ndani anamata tepiyi?"

Mapewa a bamboyo anagwa.

"Achimwene anamatula ntchito yanga aphunzitsi aja akuona. Zaka makumi atatu, mayi! Ndili ndi zidzukulu, koma amandiyesa wophunzira. Aphunzitsi atachoka ananditinso mlesi. Sipanala inali m'manja."

"Ndiye mwawapha, n'kukhala pansi kumatanso tepi, mtembo uli pambali panu?"

"Yanganso imagwira," anatero motsitsa mawu. "Ndinkafuna zidziwike."

Wofufuza analamula kuti mphunzitsi uja amasulidwe, kenako anapisa dzanja m'galimoto n'kuyatsa nyali za pakingi. Ya kumanzere inawala bwinobwino. Ya kumanja inaphethira kawiri, fungo la waya wopsa linamveka, kenako inazima.

Bamboyo anaiyang'ana nthawi yaitali. Apa ndi pomwe anayamba kulira.