Hajara ndi Makobidi Akuda

Hajara anali mtsikana wamng'ono. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukhala ndi bambo ake.

Amayi ake anamwalira. Anatsala awiri, Hajara ndi bambo ake, a Binali.

A Binali ankagwira ntchito m'nyumba ya mzungu ku Joni. Mzunguyo anali bwana Hendrick. Hajara ndi bambo ake ankagona m'kachipinda ka kuseri. Kachipindako kanali ka wantchito. Sikanali ka mwana.

Tsiku lina bwana anaima pakhomo.

"Binali, pikinini uyu, mwana wakoyu, achoke," anatero bwana. "Mwezi ukatha, apite kwanu."

Kwawo kunali ku Mangochi. Hajara sankakudziwa ku Mangochi. Iye anabadwira ku Joni.

"Ababa, ndipita?" anafunsa Hajara.

A Binali anaweramira ntchito yawo. Ankapukuta sipuni.

M'nyumba muja zonse zinkawala. Masipuni ankawala. Zogwirira zitseko zinkawala. Belu la pakhomo linkawala. Chinthu chikada, bwana ankakalipa. Chikawala, bwana ankagwedeza mutu mokondwa.

Koma panali zinthu zina zosawala. Bwana anali ndi makobidi akale. Ankawasunga m'bokosi la nsalu yofiira. Ena anali akuda. Ena anali obiriwira ngati ndere. Powagwira, bwana ankavala magolovesi oyera.

Hajara ankasuzumira pazenera.

"Ndi onyansa kwambiri," anaganiza Hajara. "Bwana akuopa kuda m'manja."

Lachisanu linafika. A Binali anavala chisoti chawo choyera.

"Ndapita ku mzikiti," anatero. "Khala m'chipinda."

Bwana nayenso anachoka pa galimoto. Bokosi lija analisiya patebulo.

Hajara analowa m'nyumba mwakachetechete. Anayang'ana makobidi.

"Ndikawapukuta, bwana akondwa," anatero. "Akakondwa, ine ndikhala."

Anatenga kansanza ka bambo ake. Anatenga polishi wa masipuni. Anatenga khobidi limodzi.

Anapukuta. Anapukuta. Anapukuta.

Khobidi linawala. Panaoneka nkhope ya munthu wandevu. Hajara anaseka.

Anatenga lina. Linakana kuwala. Analikwecha ndi phulusa. Nalonso linawala.

Anapukuta onse. Mkono unawawa. Zala zinada bii. Koma m'bokosi monse munali waliwali.

A Binali anabwera. Anaona bokosi. Anaona zala za Hajara. Anaima chilili.

"Ababa, taonani!" anatero Hajara.

Pomwepo galimoto inalira panja. Bwana analowa. Anayang'ana patebulo. Nkhope yake inafiira psuu.

"Wachita izi ndani?" anakuwa bwana.

"Ndine," anatero a Binali.

"Ayi, ndine," anatero Hajara. "Anali akuda, bwana. Tsopano akuwala."

Bwana ananyamula khobidi limodzi.

"Makobidi awa sapukutidwa!" anatero. "Kuda kuja ndiye ukale wake. Kunayamba agogo anga asanabadwe. Iwe wakuchotsa. Taona, wawakanda onse! Sikubwereranso."

Hajara anayang'anitsitsa. Zinali zoona. Pa makobidi panali timizere tambirimbiri.

"Palibe anandiuza," anatero Hajara.

"Fotseki!" anakuwa bwana.

Hajara anabisala kumbuyo kwa bambo ake.

"Binali, tamvera," anatero bwana. "Mwana achoke lero. Osati mwezi ukatha. Lero! Ukakana, uchoke nawenso."

A Binali anadzutsa mutu. Anayang'ana bwana. Anayang'ana pansi powala, pamene ankakolopa m'mawa uliwonse. Kenaka anapita kuseri kwa chitseko. Anatenga jekete lawo loyera la ntchito. Analipinda bwinobwino. Analiika patebulo.

"Tichoka tonse," anatero.

Katundu wawo anakwana m'sutikesi imodzi. Bwana sanatsanzike. Anatseka geti.

Anayenda wapansi. Anayenda, anayenda. Hajara ananyamula ketulo. A Binali ananyamula sutikesi. Anafika ku Bertrams, dera lina la mu Joni momwemo, kwa azakhali a Tatu, alongo awo a bambo ake.

Azakhali anatsegula chitseko. Anaona sutikesi.

"Achimwene, mzungu wakuthamangitsani?"

"Tachoka," anatero a Binali.

"Mwachoka! Ntchito ili mbwee mu Joni muno? Mutu wanuwu ndi njerwa!" Azakhali anagwira m'chiuno. Kenaka anaona Hajara. "Nanga zala izi? Umakumba malasha ku mgodi?"

Hajara anayamba kulira.

"Iii, basi, basi, mwanawe," anatero azakhali. "Lowani. Malo mulibe, koma lowani."

Chipinda chinali chimodzi. Anthu anali ambiri. Mawa kunalibe ntchito. A Binali ankadziwa. Hajara nayenso ankadziwa.

A Binali anatenga beseni. Anathiramo madzi ofunda. Anatenga sopo. Anagwira dzanja la Hajara. Anatsuka chala chimodzi. Anatsuka china. Kuda kwa m'zikhadabo sikunachoke konse.

"Ababa, pepani," anatero Hajara.

"Unapukuta bwino," anatero a Binali.

"Ntchito yatha chifukwa cha ine."

"Ndifuna ina."

Hajara anapukuta misozi ndi phewa.

"Nanga ku Mangochi? Ndipita?"

"Ayi," anatero a Binali. "Bweretsa dzanja linalo."