Mwamuna Amene Anajambula Mdima

Ine sukulu sindinapondeko, koma bodza ndimalidziwa likamabwera. Izi si bodza. Zinamuchitikira mdzukulu wanga, uja amasoka madiresi, ndipo mlamu wake wamkazi analipo, anaona ndi maso ake. Mukafuna kawafunseni, koma musakafunse dzuwa litalowa.

Mwamuna wa mdzukulu wangayo ndi wokonza mafiriji, munthu wofatsa, wosamwa, wosayendayenda. Matenda ake anali amodzi: nyenyezi. Anagula chimpope chagalasi n'kumangirirako kamera, ndipo kukangoda ankakwera padenga la simenti pamene amayanika zovala, n'kuchilozetsa kumpoto. Ankati kumeneko kuli milalang'amba, nyenyezi miyandamiyanda zopiringizana ngati madzi akamazungulira potuluka m'sinki. Maso a munthu sangazione, koma kamera ikayang'anitsitsa nthawi yaitali imazitola.

"Anzanga amalimbana ndi akazi a m'tauni," ankatero mkazi wake. "Ine wondilanda mwamuna ali kumwamba. Ndikam'peza bwanji kuti ndim'kokere tsitsi?"

Ine ndinachenjeza. Chimene chinaikidwa kutali chinaikidwa dala. Ukamasuzumira m'nyumba ya eni tsiku ndi tsiku, eni ake nawo amadzasuzumira mwako. Anangondiseka, ati agogo ndi mantha.

Tsono ntchito imeneyi ili ndi kachitidwe kake. Akamaliza kujambula nyenyezi, amatseka chimpope ndi chivundikiro n'kujambulanso, mdima wokhawokha. Akuti kamera ili ndi timadontho take ta litsiro. Kompyuta ikationa mumdimamo, imatichotsa pachithunzi chenicheni. Chilichonse chopezeka mumdimamo chimafufutidwa.

Tsiku lina usiku ndithu, mkaziyo anakwera kukaanula zovala. Agalu onse a m'mbalimo anali zii. Nkhululu zinaleka kulira nthawi imodzi, ngati wina wazitsekera chitseko. Kunkamveka fungo la chitsulo chozizira, longa la m'firiji yopanda kanthu. Mwamuna wake anali atawerama pachimpope, chivundikiro chili chotseka. Kamera inkangoti tche. Tche.

"Bambo a mwana, tiyeni titsike."

"Pang'ono. Ndikumalizitsa za mdimazi."

"Simukumva kuzizira?"

"Kuzizira ndiye kumatidyetsa, mayi."

Mkaziyo anatsika yekha.

M'mawa mwake mlamu uja, mchemwali wa bamboyo, anabwera kudzayesa diresi. Bamboyo anawaitanira onse awiri pakompyuta, kapu ya tiyi ili m'manja, ati bwerani muone zokongola. Anatsegula zithunzi za mdima zija kuti kompyuta ichotse timadontho tija.

Sizinali zakuda.

Choyamba chinali ndi kadontho kotuwa. Pachotsatira kadonthoko kanakula, kanamera ngodya. Kenako mkaziyo anagwira pakamwa. Linali denga lawo, looneka kuchokera kumwamba. Chingwe cha zovala. Nsalu yofiira ya pabedi imene iye anaanula. Ndi munthu atawerama.

Chithunzi chilichonse chinkayandikira. Msana. Kolala ya jekete. Pankhongo, pamene tsitsi layamba kuthothoka. Chomaliza chinali pafupi zedi. Wojambulayo akanatha kum'pumira m'khosi.

"Achimwene," mlamu ananong'ona, "munatsekadi?"

"Ndi dzanja langali."

"Zimitsani," anatero mkazi wake. "Chonde, musakhudze kanthu."

Koma dzanja lozolowera silifunsa mutu. Chala chinali chitadina kale, monga chimachitira m'mawa uliwonse. Kompyuta inayamba kuchotsa.

Chithunzi chinatuluka chokongola kuposa zonse zimene anajambulapo. Mlalang'amba woyera mbee, mikono yake itapindika. Popanda kadontho.

Palibe anayamikira.

Mwana wawo wamkazi, wa kusukulu ya mkaka, analowa akutikita m'maso. Anadutsa pafupi ndi mawondo a bambo ake osacheuka.

"Amama, adadi apita kale kuntchito?"

"Iwe, si awa ali apawa?"

Mwana anayang'ana pampando. Anayang'ana mayi ake.

"Pati?"

Bamboyo anamuitana. Mwana anacheukira kuwindo ngati wamva mphepo. Kapu inagwa pansi. Mwana analumpha, n'kulira kuti kapu yagwa yokha.

Kuyambira pamenepo zinthu zangokhala zikutha pang'onopang'ono. Makasitomala amafika pashopu, amaodira, n'kubwerera akudandaula kuti mulibe munthu, mwini wake ali chiimire pakauntala. Mlamu uja anamuonabe masiku angapo. Lero akabwera amapereka moni kukhoma, misozi ili mbwembwembwe. Mwana analeka kufunsa. Zimenezo ndiye zimamudya mtima mdzukulu wanga kuposa zonse.

Iye yekha ndiye akumuonabe. Koma osati maso ndi maso. Akamuyang'ana mwachindunji amaona mpando. Akayang'ana kumbali, n'kumamuba ndi kangodya ka diso, mwamunayo amaoneka, wotuwa, manja ali pamawondo. Choncho amam'patsa chakudya akuyang'ana kuchitseko. Amacheza naye akuyang'ana kalendala. Makina osokera sawapondanso kwambiri, akuopa kuti akaweramira nsalu nthawi yaitali, poweramuka sam'pezanso.

Inu amene muli ndi ana okonda kuloza zinthu kumwamba, alandeni. Akwiye, bola muziwaona.

Dzulo mdzukulu wangayo anabwera kwa ine maso ali psuu.

"Agogo, pogona ndimam'gwira dzanja, kuti ndidziwe kuti alipo."

"Ndiye alipo?"

"Dzanja lilipo," anatero motsitsa mawu. "Koma mbali yakeyo matiresi salowanso."