Nyumba ya Kumchira kwa Waya

Madzulo amenewo a Kalisto anadya mbatata ya kachewere akudandaula kuti mchere wachepa. Mkazi wawo, Magadalena, anaseka, n'kuwakonzera kapaipi ka m'mphuno, kenako anayatsa makina owathandiza kupuma. Kunja nkhungu inali kutsika m'phiri la Chongoni.

Pakati pa usiku babu linayamba kulira. Linkalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, kuwala kwake kukunjenjemera pakhoma. Makina aja anatentha, n'kuyamba kubanika ngati mwini wake. Tambala atalira, zonse zinaleka.

Usiku wotsatira zinachitikanso, winawo chimodzimodzi. Anthu ankanong'onezana kuti thiransifoma ya kumsewu ikumabuula mumdima, ati anaiimika pamanda akale. Koma m'nyumba zoyandikana nayo mababu ankayaka bwinobwino.

"Mlamu, izi si zamagetsi," anatero a Levison, akulu awo a Kalisto, motsitsa mawu. "Pali dzanja la munthu. Tiyeni tipemphere." Anagwada pambali pa bedi atagwira dzanja la mng'ono wawo.

Lachisanu usiku makinawo anazima. A Kalisto sanaone kunja kukucha.

Maliro atatha, kunabwera a Gervazio, mmisiri wa zamagetsi, kudzayeza mphamvu ya magetsi m'nyumbamo.

"Mayi, nyumba yanu ili kumchira. Waya wake ngwautali, ngwowondanso. Makina owotcherera zitsulo amavundula magetsi ngati ng'ombe pamtsinje. A pafupi ndi thiransifoma samva kanthu. Matope onse mumamwa ndinu."

"Kuno kulibe wowotcherera zitsulo, bambo."

"Alipo. Mita yanga ikumuona, maso anga ayi. Komanso mapolo anuwa amayenera kudzera njira yachidule. Wapampando wa komiti ya m'mudzi ndiye anachonderera kuti azungulire kwake."

Wapampandoyo anali a Levison.

Usiku umenewo Magadalena anafunda chitenje chake chakuda, n'kutsata mapolo mmodzimmodzi, mame akumunyowetsa miyendo. Waya unkang'ung'udza pamwamba pake. Kuseri kwa nyumba ya alamu akewo, m'ming'alu ya shedi yosungira mbatata, munkatuluka kuwala kobiriwira, kukuthwanima. M'katimo a Levison ankawotcherera zitsulo za ngolo, akuimba chapansipansi nyimbo yomwe anatsogolera kumanda.

Magadalena sanagogode. Anaima mpaka mapazi atachita dzanzi, n'kubwerera.

Nkhaniyi itafika kwa akuluakulu a zamagetsi, makina owotcherera a a Levison analandidwa sabata yomweyo. Magadalena anapempha a Gervazio kuti amudulire waya wolowa m'nyumba mwake, ndipo anaukulunga yekha n'kuuika pansi pa bedi.

Babu lija sanalichotse. Pakati pa usiku limalirabe.