Makalata Anayi Opita ku Ofesi

Anakumana pakhonde la kachipatala ka kumudzi, tsiku la sikelo. Namwino anali yekhayekha, amayi ali ndondondo pamzere, ana akulira. Dalaivala watsopano wa ambulansi anatsika n'kumuyang'ana kanthawi.

"Anesi, anzanu ali kuti?"

"Anzanga ndine ndemwe. Ngati muli ndi manja, gwirani sikeloyo."

Anagwira mpaka dzuwa kupendeka. Atachoka, uthenga unalowa pafoni: "Malaya anga akununkha mikodzo ya ana, koma mawa ndibweranso. Mwandigwira mtima."

Namwino anaseka koyamba m'miyezi itatu.

Ntchitoyo ankaikonda poyamba. Koma zaka zinayi za kuchiritsa azimayi yekha, kukolopa yekha, kuuza odwala kuti mankhwala kulibe, zinamuyamwa mphamvu. Kutauni mayi ake anali atafa ziwalo mbali imodzi. Choncho analemba kalata yopempha kuti amusamutse, akagwire ntchito pafupi nawo.

"Ukandisiyire ku ofesi, wapamtima," anatero popereka kalatayo kwa dalaivala uja, yemwe tsopano anali chibwenzi chake.

"Duwa langa, ndikaipereka m'manja mwa bwana weniweniyo. Tsiku losamuka, katundu wako ndidzanyamula ndine."

Yankho silinabwere. Analemba yachiwiri, kenako yachitatu.

"Akuti akuganizirabe," ankatero dalaivala uku akumusisita mapazi otupa. "Ku maofesiku amagona, mwezi wanga. Pirira."

Namwino ankatukwana mabwanawo mumtima. Kodi iwo analibe amayi awo? Analemba yachinayi, misozi ikudonthera papepala.

Lachitatu lina m'mawa, akubaya mwana katemera, foni inalira. Anali mlongo wake.

"Achemwali, amayi atisiya. Usiku onse amangofunsa inu."

Anamaliza mzere wonse, poti panalibe womusiyira. Kenako dalaivala anamukweza kuti akamutule kumsewu waukulu.

Panjira mamina ndi misozi zinamuchulukira. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando kufuna kansalu. Pansi pa sipanala ndi mapepala a galimoto panali maenvulopu anayi omata, onse olembedwa ndi dzanja lake.

Anawawerenga kawiri.

"Izi n'chiyani?"

Dalaivala anangoyang'ana msewu.

"Ndikufunsa."

"Ukanapita, ine ndikanatsala ndi ndani? Kutauni kuli madokotala ovala mataye. Dalaivala ukanamukumbuka iwe?"

"Ndiye unkandipukuta misozi uli nawo m'menemu?"

"Mwezi uliwonse ndinkati ndipereka mawa. Ndimakukonda, duwa langa. Sindinadziwe kuti amayi…"

"Musawatchule. Imitsani galimoto."

"Pano? Msewu ukadali kutali, dzuwa lake ndi ili!"

"Imitsani, adalaivala."

Anatsika ndi chikwama chake ndi maenvulopu aja. Ambulansi inkamutsatira pang'onopang'ono, iye osacheuka. Foni inaliranso: mlonda wa kuchipatala, akuti kwabwera mayi wodwala matenda aakulu, mutu wa mwana ukuoneka kale.

Namwino anaima pakati pa fumbi. Kutsogolo kunali maliro a mayi ake. Kumbuyo kunalibe namwino wina.

Anabwerera, natsegula chitseko chakumbuyo, nakhala pabedi la odwala.

"Tembenuzani," anatero. "Ndipo musandilankhule."