Dzanja Paphewa

Wosoka nsapato wina akamatchova juga awiriwiri ndi mnzake, ankaponya zochepa n'kudzuka msanga. Koma kuseri kwa shopu yometera, kumene anthu ankaunjikana kuonerera makadi, ankaponya mpaka ya lendi. Umphawi ankaupirira. Chinkamuwawa n'kuona ometa akuomberedwa m'manja, iye akutuluka atazolika.

Anapita kwa sing'anga.

"Mukufuna ndalama kapena maso a anthu?" anafunsa sing'angayo.

"Ndalama, bambo."

"Onse amatero. Valani mphete iyi. Wachibale wanu aziima kumbuyo kwanu, dzanja paphewa panu. Mukadya kamodzi pajugapo, dzukani. Kachiwiri amalipira ndi woimayo."

"Amalipira chiyani?"

"Tating'ono. Mawu, kuseka. Zinthu zimene amphawi sazigwiritsa ntchito kwenikweni."

Anayamba ndi mkazi wake. Anadya, n'kukankha mpando kuti adzuke.

"Aa, achimwene, mwathawa?" anatero ometa. "Kapena alamu akutsinani?"

Anthu anafa nacho chiseko. Iye anakhalanso pansi, n'kudya kachiwiri.

Pobwerera mayiyo sanayankhule. M'mawa anasesa, anachapa, koma mwana wawo wamkazi atapsa ndi nsimbi anangomuyang'ana ngati akuonerera mvula.

Mayiyo atatheratu mphete inazizira, ndiye anatenga mng'ono wake, kenako amayi ake omubala. Ulendo uliwonse ankalumbira kuti adzuka. Ulendo uliwonse wina ankakuwa, "Bwerezani, bwana!" Anagula nyumba ya mpanda ndi galimoto. Atatu aja ankakhala pasofa watsopano, kuyang'ana TV yosayatsa.

Anatsala mwana wamkazi uja yekha.

"Adadi, ndigwire apa?"

"Pomwepo, mayi. Kamodzi kokha."

Anadya. Anadzukadi, mpaka kufika pakhomo, atamugwira mwanayo padzanja.

"Asiyeni," anatero ometa, osakweza n'komwe mawu. "Wansapato ndi wansapato basi."

M'chipindamo maso onse anali pamsana pake. Anabwerera pampando paja.

Achibale atatha, mphete inasanduka chitsulo wamba. Nyumba inapita, galimoto inapita, ndipo oonerera anasamukira kumbuyo kwa telala wina amene anayamba kudya. Lero wansapato amakhala m'chipinda chimodzi ndi anthu ake anayi. Amawamwetsa madzi ndi supuni, kenako amawagawira makadi pamiyendo, n'kudikira kuti wina aponye.

Dyera ndi loipa, abale anga, koma loipitsitsa ndi dyera la m'manja mwa anthu. Okuwa kuti "bwerezani" saponya kanthu. Amapita kwawo ana awo ali amphumphu.